Mchinji Boma: tauni yomwe inamangidwira odutsa

Mapiri a Mchinji ndiwo amagawa madzi a mvula. Ikagwa chakuno, madzi ake amatsikira mumtsinje wa Bua mpaka kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Ikagwa kuseri, amalowera ku Luangwa. Mu 1891, pamene boma la Britain linkagawana dera lino ndi kampani ya Cecil Rhodes ya British South Africa Company, anangotsata mzere wogawa madziwo n'kuutcha malire. Mzerewo unadutsa pakati pa minda, manda ndi maukwati a anthu amodzi: Achewa a Mkanda, Ansenga, ndi Angoni a Mpezeni amene anali atakhazikika kuno cha m'ma 1870. N'chifukwa chake mpaka lero anthu a ku Mchinji amakavina ingoma ku Mtenguleni pa Ncwala mu Febuluwale, ena n'kumapita ku Mkaika mu Ogasiti pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, onsewo akudziwa mumtima kuti akupita kwawo.

Tauni ya Mchinji inabadwa chifukwa cha malire amenewa. Zinthu zikuluzikulu zimene maboma akhala akumanga pano, kuyambira linga la asilikali, msewu, njanji mpaka nyumba zatsopano za pachipata, zonse zinamangidwa poganizira anthu ndi katundu wodutsa. Okhala pamalopo akhala akudzionera okha pogona, potunga madzi ndi poyenda.

Chiyambi chake ndi nkhondo. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anakhala zaka kwa Mpezeni n'kutulukako ndi mapepala onena kuti mfumu yamulola kukumba miyala m'dziko lake. Mapepalawo anafika m'manja mwa kampani ya North Charterland, yomwe inkakhulupirira kuti pansi pa dziko la Angoni pagona golide. Golide wochuluka sanapezeke, koma mphekesera yake inakwanira kuitana mfuti. Mu Januwale 1898 asilikali a boma la atsamunda, ochokera mbali ya kuno, anathira nkhondo Angoni ndi mizinga ndi mfuti zachiwaya. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho, ndipo ng'ombe zikwizikwi za Angoni zinalandidwa.

Nkhondo imeneyi inasiya malinga awiri oyang'anizana. Mbali ya kuno linali Fort Manning, dzina lotengera William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Tsidya linalo kunali Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Mapasawa sanakule mofanana. Fort Jameson inakhala likulu la dziko la North-Eastern Rhodesia kuchokera mu 1899 mpaka 1911, choncho inalandira maofesi, masitolo ndi azungu olima fodya. Fort Manning inangokhala mlonda wa panjira. Kusiyana kumeneku sikunathe: Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, pamene Mchinji ikadali boma chabe, lopanda ngakhale khonsolo yakeyake ya tauni.

Maboma a nthawi ya atsamunda ankamangidwa mofanana pafupifupi paliponse m'Nyasaland. Pankakhala nyumba ya bwana DC pokwera, ofesi yolipirira msonkho, bwalo la milandu, ndende, malayini a apolisi ndi amesenjala, kenako chapatali pang'ono masitolo a amwenye. Munthu wakuda yemwe sanali pantchito ya boma analibe malo m'pulani imeneyi. Ankabwera m'mawa kudzapereka msonkho wa nyumba, kudzamva mlandu kapena kudzagula mchere ndi nsalu, dzuwa likapendeka n'kubwerera kumudzi. Kunja kwa kachigawo kameneka kunali midzi, minda ndi thengo lenileni, moti mu 1930 mkango unapha anthu oposa 30 m'miyezi yochepa chabe m'dera la Fort Manning. Palibe amene ankaganiza zoti pamalo otere padzafunika misewu ya m'makwalala, ngalande kapena malo a msika waukulu.

Chimene chinapatsa Fort Manning moyo ndi msewu. Fort Jameson inali kutali kwambiri ndi njanji ya ku Northern Rhodesia, kuseri kwa chigwa chotentha cha Luangwa, motero makalata, katundu wa m'sitolo ndi fodya wa azungu a kumeneko zinkadzera ku Nyasaland. Poyamba zonsezi zinkayenda pamitu ya amtengatenga, azungu eni ake atagona m'machila. Pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse malole anayamba kulowa m'malo mwa mitu ya anthu, ndipo njanji itafika ku Salima mu 1935, njira yodzera ku Lilongwe ndi Fort Manning inakhala yofunika kuposa kale. Komabe zonsezi zinkangodutsa. Lole inkaima kuti dalaivala athire madzi mu injini, osati kuti atsitse chuma.

Msewu womwewo unatenga anyamata. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali ku Halale, m'mafamu a Southern Rhodesia ndi m'migodi ya ku Joni. Ambiri ankapita wapansi, ena kudzera mwa Mthandizi kapena Wenela. Obwerako ankafika ndi njinga, sutikesi ndi kangachepe kogulira malata. Osabwerako anasanduka machona, ndipo zidzukulu zawo zili ku Harare ndi ku Bulawayo mpaka pano. Nyumba zambiri zoyamba zamalata m'midzi ya chigawo chapakati zinachokera m'thumba la anthu amenewa. Njira ya Wenela inatsekedwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo.

Luso lomanga linafika kudzera kwa amishoni kuposa kuboma. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula Kachebere mu 1903, m'mphepete mwenimweni mwa malire, ndipo mu 1939 pamalopo panakhala seminale yaikulu imene inaphunzitsa ansembe a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia pamodzi. Kenako kunabwera Guilleme ndi Ludzi. Ku mishoni n'kumene anyamata ankaphunzira kuumba ndi kuotcha njerwa, kupala matabwa ndi kukhoma denga. Kwa zaka zambiri nyumba zooneka bwino za m'boma lino zinali kumishoni, osati pa boma penipeni.

Pa nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, malire analibe mphamvu kwenikweni, popeza Nyasaland ndi Northern Rhodesia zinali pansi pa ulamuliro umodzi. Anadzakhala malire enieni mu 1964, Malawi atalandira ufulu pa 6 Julayi ndipo Zambia pa 24 Okutobala. Apa m'pamene panafunika apolisi oona zolowa ndi kutuluka, akasitomu ndi nyumba zawo. Dzina la Manning linachotsedwa, monganso Fort Johnston inasanduka Mangochi ndipo Port Herald inasanduka Nsanje, ndipo boma linatenga dzina la mapiri ake.

Chinthu chimene chinasintha kwambiri Mchinji sichinachitikire ku Mchinji. Mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Boma limene linali kumathero a dziko linapezeka lili makilomita 109 okha kuchokera ku likulu, pamsewu wa M12 wodzera ku Msundwe, Namitete ndi Kamwendo, womwe unathiridwa phula. Kuyandikana kumeneku kunali ndi mbali ziwiri. Mbewu zinkafika msanga ku Kanengo, koma ndalama nazonso zinkathawira msanga ku Lilongwe. Munthu wopeza bwino sankaona chifukwa chomangira sitolo yaikulu ku Mchinji pomwe likulu lili pafupi chonchi. Kuwonjezera apo, m'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula amwenye kuchoka m'madera a kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Masitolo awo ambiri m'maboma ang'onoang'ono anatsekedwa kapena kugawidwa tizipindatizipinda, Chipiku ndi ADMARC n'kukhala eni bwalo.

Zaka zomwezo zinali za maesiteti. Mchinji ndi Kasungu ali ndi nthaka yabwino ya fodya, ndipo malo ambiri a makolo anasandutsidwa a lizi kuti anthu olemera ndi andale alimepo fodya wa bale, amene lamulo linkaletsa alimi ang'onoang'ono kulima paminda yawo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Maesiteti anakoka matenanti kuchokera kutali, makamaka kumaboma othinana a kummwera. Nkhaniyi imaoneka ngati ya ulimi, koma ndi ya nyumba ndithu. Tenanti akakangana ndi bwana wake, kapena esiteti ikagwa, analibe munda woti abwerereko. Mwana wa m'mudzi umene malo ake anatengedwa nayenso analibe polima. Anthu otere ndiwo anayamba kudzaza Kamwendo, Kapiri, Mkanda, Waliranji ndi boma lenilenilo, kufunafuna maganyu ndi kachipinda ka lendi.

Njanji ndiyo nkhani yowawa kwambiri pa mbiri ya tauniyi. Ndi thandizo la dziko la Canada, njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe mu 1979, ndipo mu 1980 inafika ku Mchinji. Cholinga chinali chomveka bwino. Zambia ndi dziko lopanda doko, ndipo kuchokera ku Chipata njira yaifupi yopita kunyanja yamchere ndi yodzera m'Malawi kukafika ku Nacala, kumene njanji inali italumikizidwa kale mu 1970 kudzera ku Nayuchi. Chinangotsala ndi kachidutswa kosakwana makilomita 30 mbali ya Zambia. Ntchito inayambika mu 1982, koma chuma cha Zambia chinali chitagwa pamodzi ndi mtengo wa kopa, ndipo inaima. Nthawi yomweyo nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala m'zaka zoyambirira za m'ma 1980. Njanji yatsopano ya ku Mchinji inatsala yoduka kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Nkhondo yomweyo, imene inapha njanji, inadzutsa msewu. Njira ya ku Tete itakhala yoopsa, katundu wambiri wa Malawi ankazungulira ku Zimbabwe ndi ku Lusaka, n'kudzalowera ku Chipata ndi ku Mchinji. Mathiraki ankandanda pachipata kudikira mapepala, madalaivala ankafuna chakudya ndi pogona, ndipo malo ogona alendo, malesitilanti ndi mabala anamera m'mbali mwa msewu. Tauni inatambasuka motsatira phula, aliyense akulimbirana kuti khomo lake liyang'ane kumsewu. Zaka zomwezi n'zimene matenda a Edzi anafalikira m'matauni a m'misewu ikuluikulu, ndipo mabanja ambiri a kuno analera ana amasiye chifukwa cha nthawi imeneyo.

Kachidutswa ka njanji ka ku Chipata kanadzatha patapita zaka 28. Mu Ogasiti 2010 mtsogoleri wa Zambia Rupiah Banda anakatsegulira pamwambo waukulu ku Chipata. Pofika nthawiyo njanji ya Malawi inali kale m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, imene inaitenga mu 1999. Chikondwerero chinali chachikulu, koma sitima zakhala zikuyenda mwa apo ndi apo. Njanji ya chigawo chapakati inakalamba, milatho ndi zigawo zina zakhala zikukokoloka ndi madzi, ndipo njanji yoti ichoke ku Chipata kukakumana ndi ya TAZARA ku Serenje ikadali papepala. Migodi ya kopa, imene ikadadzaza mabogi, sinalumikizidwe. Lero palibe sitima yonyamula anthu pakati pa Mchinji ndi Lilongwe. Zimandipweteka kuona mlimi akukakamira pamwamba pa matumba a soya m'lole yodzaza mopitirira muyeso, njanji ili chigonere chapafupi pomwepo.

Pamene akuluakulu ankadikira sitima, tauni inali ikukula payokha. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 5,000 pa Mchinji Boma. Mu 1998 anali ataposa 11,000, mu 2008 anali pafupifupi 18,000, ndipo mu 2018 anafika 28,000, m'boma lonse muli anthu oposa 600,000. Ndiye kuti m'zaka 31 chiwerengero chinachuluka kuposa kasanu. Kudumpha kwakukulu kunachitika m'zaka za m'ma 1990, pamene zinthu zitatu zinakumana: alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ADMARC inali itasiya kukhala yokha yogula mbewu, ndipo matipate atabwera mu 1994 malonda a m'misewu anamasuka. Mavenda anapachika masikelo awo m'mbali mwa msewu kugula mtedza, chimanga, ndipo pambuyo pake soya. Mtedza wa ku Mchinji, chalimbana ndi CG7, unatchuka mpaka alimi a bungwe la MASFA anayamba kuutumiza ku Ulaya. Ndalama za mbewu zikalowa m'thumba, mlimi wanzeru ankadziwa kuti zikachedwa zisungunuka, ndipo njira yodalirika yozisungira inali kugula puloti pa boma.

Kagulidwe ka pulotiko n'kamene kanaumba maonekedwe a tauniyi. Lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka patatu: ya boma, ya munthu payekha, ndi ya makolo yoyang'aniridwa ndi mafumu. Malo a boma pa Mchinji, monga m'maboma ena, anali ochepa, okwanira maofesi, chipatala, polisi ndi nyumba za antchito ena a boma. Kuzungulira pamenepo inali minda ya midzi. Tauni itayamba kusefukira, inasefukira m'mindamo. Mwa lamulo malo a makolo sankagulitsidwa, koma aliyense akudziwa mmene zinkakhalira: mwini munda ndi wogula amagwirizana mtengo, amaitana a mfumu ndi mboni, amayenda m'malire n'kubzala nkhadze kapena kukhoma zikhomo, kenako amalemberana kakalata. Wogulitsa safuna kutaya ngakhale phazi limodzi la nthaka, choncho msewu umene umasiyidwa ndi wongokwana njinga kapena ngolo. Malo a sukulu, a bwalo la masewera, a ngalande yotaya madzi a mvula, palibe amene amawalipira, ndiye palibenso amene amawasiya.

Sindikuona cholakwa mwa anthu amenewa. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, linaika mphamvu zake zambiri m'mizinda ikuluikulu, ndipo nyumba za boma m'maboma ang'onoang'ono sizinakwanirepo ngakhale antchito a boma omwe. Mphunzitsi, namwino kapena wapolisi wotumizidwa ku Mchinji amafika ndi katundu wake n'kuyamba kufunsa kumene kuli nyumba ya lendi. Amene amamuyankha ndi mlimi wa fodya, mayi wa geni ya kaunjika, ndi wopuma pantchito amene anaika ndalama zake zonse mumdadada wa zipinda zingapo, chimbudzi ndi bafa zili kuseri, zogwiritsa onse. Popanda anthu amenewa tauniyi sibwenzi ili ndi pogona. Iwo anagwira ntchito imene boma linaisiya, ndipo anaigwira ndi zimene anali nazo.

Nyumba yotere simangidwa chaka chimodzi. Chilimwe choyamba munthu amalemba aganyu kuumba njerwa pa puloti pomwepo kapena kudambo, amamanga uvuni n'kugula mitengo yootchera. Chaka china amakweza khoma kufika pawindo. Fodya akagulidwa bwino ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, amagula malata. Banja limalowa m'nyumba isanapakidwe pulasitala, mawindo atatsekedwa ndi njerwa zongosanja. Kamangidwe aka n'kanzeru kwa munthu amene banki singamubwereke ndalama, popeza kakalata ka a mfumu si chikole. Koma walira mvula walira matope. Nkhuti zimene zimatsala pofukula dothi zimasunga madzi ndi udzudzu m'dzinja. Mauvuni ndi makala zadya mitengo ya m'midzi, ndipo tsopano zikudya nkhalango ya m'mapiri a Mchinji, imene inatetezedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1920, komwe ndi kumene Bua amachokera. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda zikuluzikulu, koma womanga nyumba yake sangakwanitse mabuloko a simenti, ngakhale mathiraki a simenti ya ku Zambia amadutsa pakhomo pake tsiku ndi tsiku.

Madzi amatsatira nyumba mochedwa. Mapaipi a Central Region Water Board, bungwe lobadwa ndi lamulo la 1995, amafika mosavuta kumene kuli misewu yowongoka. Kumene nyumba zinangomera mothinana, kukumba ngalande ya paipi kumafuna kupempha khomo ndi khomo. Kumeneko amayi amadalira makiyosiki, mijigo ndi zitsime zokumba pamanja. Pa puloti yaing'ono chitsime ndi chimbudzi chokumba zimakhala zoyandikana, ndipo chimbudzi chikadzaza malo okumba china amasowa. Amene anaona kolera wa 2022 ndi 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, akudziwa kuti nkhani ya mapuloti ndi nkhani ya moyo.

Woti ayang'anire zonsezi ndi khonsolo ya boma la Mchinji, imene lamulo la maboma ang'ono la 1998 linaipatsa mphamvu. Koma khonsolo yomweyo iyenera kuona za sukulu, zipatala ndi milatho ya m'madera a mafumu onse, kwa Mkanda, Mavwere, Zulu, Mlonyeni, Dambe, Simphasi ndi ena, ndipo ndalama zake zodzipezera yokha n'zochokera makamaka m'ziphaso za m'misika ndi malaisensi. Kasungu ili ndi khonsolo yakeyake ya tauni, Mchinji ilibe. Tikumbukirenso kuti makhansala amene anasankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko lino linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo tauni inkakula popanda munthu wosankhidwa woti anthu a m'dera akamudandaulire za msewu wotsekedwa ndi mpanda wa mnzawo.

Pa kayendedwe, mbiri yake ndi yomweyo. Akuluakulu amakumbukira mabasi a kampani ya UTM amene ankanyamuka pa nthawi yake, katundu ali pamwamba. UTM inasanduka Stagecoach, kenako Shire Bus Lines, yomwe inatha m'zaka za m'ma 2000. Malo ake anatengedwa ndi maminibasi, amene amanyamuka akadzaza, oitanira akulimbirana chikwama cha wokwera padepoti. Pambuyo pake kunabwera timagalimoto ta Sienta, tothamanga ndi todzaza msanga. Pakati pa boma ndi chipata pali makilomita 12, ndipo mtunda umenewu wadyetsa mabanja ambiri a oyendetsa matakisi. M'misewu yafumbi yopita kumidzi, kumene minibasi imaopa matope, anthu amakwera matola pa malole ndi mapikapu.

Koma mwini weniweni wa misewu ya Mchinji ndi wakabaza. Dera lino n'lachidikha ukangotsika m'mapiri, ndipo njinga yakapalasa imayenda bwino. Mnyamata wopanda munda ndi sukulu amatha kubwereka njinga, kuika katsamiro pakaliyala, n'kuyamba ntchito tsiku lomwelo. Wakabaza amalowa m'tinjira tonse timene galimoto singalowe. Amanyamula mayi woyembekezera kupita kuchipatala, mwana wa sukulu, matumba a makala, makireti a zakumwa, ngakhale malata. Kwa zaka khumi zapitazi njinga zamoto zachuluka n'kutenga maulendo ataliatali, ndipo pamodzi nazo zachuluka ngozi, chifukwa ambiri amaziyendetsa opanda laisensi ndi chipewa. Chomvetsa chisoni n'choti anthu amenewa, amene amanyamula tauni yonse, alibe gawo lawo pamsewu. M12 inamangidwa poganizira galimoto zodutsa. Wanjinga, woyenda pansi, ngolo ya ng'ombe ndi thiraki ya mafuta amagawana phula limodzi lomwe m'mbali mwake munadyeka, ndipo thiraki ikaliza hutala, wothawira m'fumbi ndi wanjinga ndi amene wamunyamula.

Pa 7 Disembala 2022 atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chomangidwa ndi ngongole ya African Development Bank ngati gawo la njira ya Nacala. Tsopano woyenda amaima kamodzi kokha, maofesala a mayiko onse awiri n'kumuthandizira pamalo amodzi. Ichi n'chinthu chabwino, ndipo amayi a geni yodutsa malire, amene kuyambira 2010 ali ndi ndondomeko ya COMESA yowapeputsira mapepala a katundu wochepa, apindula nacho. Koma cholinga cha chipata chotere n'choti thiraki isachedwe. Thiraki ikapanda kuchedwa, dalaivala sagona ku Mchinji, sadya ku Mchinji. Amakagona ku Lilongwe kapena ku Chipata. Tauni imene inaphunzira kudya za odikira iyenera kupeza china chodya, ndipo chimene ili nacho pafupi ndi mbewu zake. Mtedza ndi soya zimene zimachoka pano zosakonzedwa zikadatha kuyengedwa mafuta pompano, pakadakhala malo okonzedwa a mafakitale ang'onoang'ono okhala ndi magetsi ndi madzi odalirika.

Malamulo atsopano alipo. Lamulo la 2016 lokhudza mapulani linati dziko lonse ndi dera lofunika pulani, ndipo lamulo la malo a makolo la chaka chomwecho linabweretsa makomiti a malo ndi mwayi woti banja lilembetse malo ake n'kukhala ndi chikalata chovomerezeka. Malamulowa anakonzedwanso mu 2022, mafumu atadandaula kuti akulandidwa mphamvu. Dandaulo lawo n'lomveka, ndipo pulani iliyonse yodumpha mafumu ku Mchinji idzathera m'kabati, chifukwa iwo ndiwo amadziwa munda uliwonse ndi mwini wake.

Ku Lilongwe tinaona zimene zimachitika pulani ikabwera nyumba zitamangidwa kale. Ku Mtandire, ku Chinsapo ndi ku Mgona, kutsegula msewu woti ambulansi idutse kumafuna kugwetsa nyumba za anthu ndi kulipira chipukuta misozi chimene khonsolo ilibe. Mchinji sinafike pamenepo. Minda ya m'mbali mwa msewu wopita ku Kamwendo ndi wopita kuchipata ikudulidwa mapuloti masiku ano, koma yambiri ikadali minda. Oyeza malo ochepa, atayenda limodzi ndi mafumu ndi eni minda, akhoza kukhoma zikhomo zosonyeza pamene padzadutse msewu, ngalande ndi paipi, ndi pamene padzakhale sukulu, njerwa zisanaumbidwe. Mwini munda amene wasiya malo a msewu sataya kanthu, popeza puloti yofikika ndi galimoto imagulidwa mokwera kuposa ya kuseri kwa mipanda. Ndalama zofunika pa ntchito imeneyi n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinalowa mu njanji ya 1980 kapena m'nyumba za pachipata, ndipo kalembera wotsatira, yemwe akuyembekezeka mu 2028, adzapeza anthu masauzande ena atamanga kale m'minda imeneyo.